Sabumarini ya m'damu la apongozi

Mpaka lero kwathu ku Malemia ndikangonyamula chigubu, anthu amayamba kusendera kutali. Sindiwaimba mlandu.

Zinachitika zaka zija matipate atangoyamba kumene, ine ndili mkamwini watsopano. Apongozi anga aamuna anali ndi damu la makumba kumunsi kwa dimba, ndipo pokolola nsomba wolowa m'matope ndi ukonde anali ine (mkamwini sakana ntchito, amangodandaulira mumtima). Misundu ya m'damu limenelo inkandidziwa bwino.

Tsiku lina ndinaonera kanema pa Domasi, ndi kuonamo sitima yoyenda pansi pa madzi. Nzeru inabwera pomwepo: bwanji ndipange yanga yaing'ono, iziyenda pansi n'kumapirikitsira nsomba ku ukonde, ine ndili pamtunda?

Ndinapeza chigubu chachikulu cha pulasitiki, mota ya waipa yopukuta galasi la galimoto yakufa, ndi chitini chomwe ndinadula kukhala chopalasira. Chinatsala ndi batire. Pamudzi ponse batire inali imodzi, ya galimoto, imene apongozi ankamvera wailesi.

"Bambo, mungandibwerekeko batire mawa?" ndinatero nditanjuta chapatali.

"Ya chiyani, akamwini?"

"Ya chitukuko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Nkhani zamadzulo zisandipite."

Poyesa koyamba, popanda batire, madzi analowa m'chigubu. Ndiye ndinati apa pasadutsenso ngakhale mpweya. M'mawa ndinakatchajitsa batire kuchigayo, ndipo pobwera nayo inali yofunda, ikulira kuti tswii, timathovu tikutuluka m'kati. Ine ndinati ndiye mphamvuzo. Ndinaiika m'chigubu pamodzi ndi mota ndi miyala yolemeretsa, ndi kumata chivindikiro ndi phula, pamwamba n'kukulunga mphira. (Sindinkadziwa kuti batire yongotchajidwa kumene imatulutsa mpweya, ndiponso kuti mpweyawo sugwirizana ndi moto.)

Kenako ndinachisiya padzuwa la Okutobala n'kupita kukaitana anthu. Inde, ndinaitana anthu ndekha.

Pobwerera, mkazi wanga anaima pafupi ndi chigubu, manja ali m'chiuno.

"Abambo ake, chinthu chanuchi chatupa."

"Ndi mmene zimakhalira," ndinayankha, ngati ndinapangapo zambiri.

Anthu anadzaza m'mbali mwa damu, apongozi atakhala kutsogolo pa kampando kawo. Ndinachitsitsira m'madzi, chinamira bwinobwino, ndipo ndinagundanitsa mawaya amene ndinawatulutsira kumtunda. Abale inu, chinayenda! Madzi anayamba kuwinduka, chingwe chimene ndinachimangira chikukoka m'manja mwanga, nsomba zikudumpha kutsogolo. Amayi ena anayamba nthungululu. Ine chifuwa chinali patsogolo.

Ndiye kunamveka phuu!

Madzi anakwera ngati mtengo. Chivindikiro chinauluka n'kukagwera mu nthochi, matope anagwa pa aliyense, ndipo amene ankaimba nthungululu anali atafika kale kumsewu. Kamoto ka mu mota kanali katakumana ndi mpweya uja.

Apongozi sanasunthe. Matope akutsika pachipumi, anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Batire yanga ili kuti?"

Ndinavula malaya ndekha. Ndinafufuza pansi pa damu ndi mapazi mpaka ndinaipeza, misundu itandikwera mpaka m'khwapa. Mwamwayi sinasweke, tizitsekero take tokha n'timene tinathawa. Mkazi wanga pondithothola misundu sanaleke kuseka.

"Ngakhale thobwa sitilitsekera chonchija. Mukanandifunsa."

Batire inakakhala kuchigayo masiku angapo, kuithira asidi wina, ndipo pakhomo panali zii, popanda wailesi. Ine ndinkazemba apongozi, ndikuganiza kuti ulendo wobwerera kwathu wakwana. Itabwera n'kulankhulitsa wailesi, anandiitanitsa. Ndinapita.

"Akamwini," anatero, "chisanaphulike chija, chinayenda."

"Chinayenda, bambo."

"Ndinaona ndi maso angawa. Nanga mutachiikira kapaipi kotulukira pamwamba pa madzi, kuti chizipuma?"

Kuyambira tsiku limenelo tinakhala anthu awiri ogwirizana, mpaka apongozi aakazi ankadandaula kuti ndawawonongera mwamuna. Chachiwiri tinapangira limodzi: paipi yopumira tinaimangirira ku botolo loyandama, batire tinapeza ya njinga yamoto, ndipo tinaidikira izizire tisanatseke. Anthu sitinaitane.

Sichinaphulike ayi. Madzi analowera kupaipi kuja, chinamira mwaulemu, ndipo sitinachionenso.

Tili chiimire pamtunda, apongozi anandigwira paphewa.

"Chachitatu, paipi italike."