Kashedi ka Matemba Kakana Galasi

Lolemba

Sayansi yafika pa Kachulu, ndipo yafika pa kabaza. Pulinta ya 3D, yobwereka kwa mnzanga wa ku koleji, yakhala pa tebulo la azakhali, Abiti Saidi. Ntchito yake: kusungunula ulusi wa pulasitiki n'kuumba pa galasi lake lotentha kachifanizo ka shedi yoyanikiramo matemba.

Azakhali ndi wapampando wa amayi oyanika nsomba. Loweruka akaonekera ku komiti ya padooko kukapempha malo omangapo shediyo. Ulendo watha anapita ndi chojambula cha papepala, madoda anachigwira chozondotsa mpaka msonkhano kutha, n'kukana. Ulendo uno akagwira chinthu ndi manja.

Ndadina batani. Pulasitiki ikuyalika pagalasi mwaulemu. Zaka zinayi za ku yunivesite sizinapite pachabe!

Lachiwiri

Ngodya zonse zinayi zatukuka. Kashedi kakuoneka ngati mlamba wowamba. Oganiziridwa:

1. mwera, ukulowa pazenera osaodira n'kuziziritsa pulasitiki msanga
2. kamlomo kotulutsa pulasitiki, katalikira galasi
3. tebulo, lomwe mwendo wake wina unabadwa waufupi

Zenera ndatseka. Mwendo ndaupatsa chivindikiro cha botolo. Tsopano ndikupisa pepala pakati pa kamlomo ndi galasi, ngodya ndi ngodya, ndikupotoza mabawuti mpaka pepala lizikhudza pang'ono.

Azakhali ali pakhomo: "Digiri yonse ija, ntchito yake kupisa pepala pansi pa makina?"

Eya, azakhali. Koma kupisa kwake n'kwa munthu wophunzira.

Lachitatu

Makina ndawamangira msasa wa zitenje zitatu kuti kutentha kusathawe. Galasi ndaliwonjezera moto. Kashedi ndakaikira mkombero, kambali kopyapyala kozungulira pansi pake kuti kagwire malo ambiri.

Zotsatira: sikanapindike! Kangomatuka konse. Kamlomo kakukakankha uku ndi uku, pulasitiki ikuthiridwa m'malere, pagalasi patuluka chimulu cha ulusi wopotana.

Che Mdoka, msodzi woyandikana nafe, asuzumira mu msasa: "Mukuluka ukonde, achimwene? Maso akewa achepa, aboma akulandani."

Ndikulemba ngati chipambano. Chinthu chosamata sichingatukuke ngodya.

Lachinayi

Wagwidwa! Ndadzuka m'mamawa, ndapeza azakhali ali mu msasa ndi kansalu, akupukuta galasi ndi mafuta ophikira. Ati akhala akutero m'mawa uliwonse chiyambire Lolemba.

"Anthu akubwera kudzaona makina a mwana wanga, apeze galasi lili mbuu? Pakhomo panga ayi."

Ndi zoona, anthu akubwera. Aliyense akuchokera ku matemba, ndipo aliyense akudinda chala pagalasi kuti amve ngati likutenthadi. Mwera ndaunamizira masiku awiri. Ndikupepesa kwa mwera.

Galasi ndalitsuka ndi sopo ndi madzi otentha, ndaligwira m'mbali ngati mbale ya apongozi. Ndamata chikwangwani: ONANI NDI MASO. Azakhali akwiya. Ati galasi losawala likuchititsa manyazi mtundu wonse.

Kwatsala masiku awiri. Ulusi watsala wa ulendo umodzi.

Lachisanu

Ndikufuna guluu wa mapepala woti ndipake pagalasi. M'magolosale onse mulibe. Wina akundinyengerera wa zigamba za njinga.

Azakhali, akadali okwiya, aika kapu patebulo: kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa. "Ife timamatira kameneka. Kapena kalibe digiri?"

Ndapaka kopyapyala. Ndadina batani. Maola asanu ndi limodzi ndili chogwada pa msasa, osapuma mokweza, amuna akudutsa kupita ku mzikiti kumapemphero a Juma n'kubwerera.

Katuluka! Miyendo chilili, matandala atatu, denga lake bwinobwino. Ngodya zonse zagona pagalasi phwatalala. Ndaimba nthungululu ndekha, nkhuku zathawa. Mu lipoti ndidzalemba kuti ndinagwiritsa ntchito njira yamakono yochokera ku zomera.

Loweruka

Kamata. Kamatadi. Ndayesa:

chikhadabo
mpeni
supuni
kukapempha mwaulemu

Mankhwala ndikuwadziwa: kuviika galasi m'madzi kuti chinangwa chisungunuke. Koma msonkhano wayamba. Azakhali achotsa galasi lonse pamakina, aliika mu lichero, pamutu, ulendo wa kudooko. Ine pambuyo ngati woperekeza mkwatibwi.

Madoda akukazungulira. Palibe wokagwira chozondotsa, akuopa kuswa galasi. Azakhali akuloza: "Apa matemba, apa mphepo, mchenga kulibe, mbuzi sizifika." Mdala wina: "Pansipa padzakhalanso pagalasi?" Azakhali: "Tipatseni malo kaye, bambo."

Apereka malo! Amayi avina. Azakhali auza aliyense kuti phala linali lawo. Ine anditchula kuti "uyu wodina batani".

Lamlungu

Ndapita ndi beseni la madzi kukatenga galasi. Komiti yakana. Ati kashedi ndi umboni wa zomwe anavomera, kakhala mu kabati ya mlembi monga kalili, osachotsapo kanthu, mpaka shedi yeniyeni itamangidwa. Omanga ndi amayi, akamaliza kukolola mpunga, kapena mvula ikatha, tidzamva.

Mwini pulinta watumiza uthenga: "Zikumata, aise?" Ndayankha: "Kwambiri."

Makina ali patebulo opanda galasi. Lero palibe chapindika, palibe chamatuka. Azakhali atenga zitenje zawo.