Buledi Wautali wa Mkamwini Wanga

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda. Koma popeza mwana wanga wayamba kale kuifalitsa pa foni, ndi bwino muimve kwa mwini wake manyaziwo.

Ine ndinali mphunzitsi wamkulu ku Ntcheu. Ndinapuma ntchito ndi kalata yothokoza, komanso penshoni imene imatha mwezi ukadali mwana. Ana amene ndinkawakwapula chifukwa cholephera long division lero akuyendetsa magalimoto awoawo ku Cape Town, pamene ine wodziwa long division ndinapitako pa basi, pa tikiti yondigulira mwana wanga Tadala, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Table View.

Anandiitanira kukaona mnyamata wofuna kumukwatira, dzina lake Wongani, mmisiri womanga nyumba wochokera ku Rumphi. Tili mu taxi yopita ku Joe Slovo Park kumene mnyamatayo amakhala, Tadala anandikoka mkono wa jekete.

"Adadi, please. Uyu musandithawitsirenso."

"Ndinathawitsa ndani ine?"

"Uja wa ku Balaka munamukonza Chingerezi pa moni pomwe. Anthu awa, a kwawo kwa Wongani, amva kale kuti ndinu onyada. Chilichonse akupatseni, landirani, idyani."

Wa ku Balaka ujayo lero ali ndi sitolo ndi lole, ndipo Chingerezi chake chikadali chomwe chija.

Wongani anatilandira mwaulemu m'kanyumba kake ka malata, kosesa bwino. Anandikhazika pa mpando umodzi wokha umene unalimo, nandiikira patebulo phukusi la pepala lalitali kuposa mkono wanga kuyambira pa chigongono. Atalitsegula ndinaona buledi wong'ambidwa pakati, wodzaza tchipisi, nyama ya ng'ombe, mazira ndi tchizi, sosi akudontha m'mbali.

"Uyu ndi gatsby, bambo, chakudya cha kuno ku Cape. Full house, zonse zilimo."

Pomwepo foni yake inalira. Anati azakhali ndi amalume ake atsika taxi kumsewu, akawachingamire. Tadala anati amuperekeze. "Feel at home, bambo," anatero mnyamatayo, natseka chitseko.

Tsono mundiweruze mwachilungamo. Kwathu mlendo wolemekezeka amamuikira chakudya m'nyumba, eni ake n'kutuluka kuti adye momasuka. Mkamwini sadya pamaso pa apongozi ake. Mlendo amamuphera nkhuku yathunthu, ndipo akangoinyomola pang'ono n'kuikankha, ndiye kuti wanyoza banja lonse. Ndinaphatikiza mfundo zitatuzi monga munthu wophunzira, yankho n'kutuluka loonekeratu: iyi ndi nkhuku yanga ya ku Cape Town, ndipo ukwati wa mwana wanga uli m'kati mwa bulediyu.

Ndinapemphera, ndinapinda malaya, ndinayamba.

Chiyambi chinali chokoma, sindinama. Chiyambireni kupuma ntchito ndinali ndisanaone nyama yochuluka chonchi pamalo amodzi, kupatula pa maliro a anthu olemera. Nditafika pakati ndinamasula tayi. Nditapitirirako pang'ono ndinamasula lamba. Thukuta linayamba kutsika, malata akutentha ngati ndili mu uvuni, ndipo ndinakumbukira mawu a adokotala kuti mchere ndi mafuta ndizionera patali. Koma ndikafuna kuleka, ndinkamva mawu a Tadala aja: anthu awa amva kuti ndinu onyada.

Ndinaimirira, ndinazungulira tebulo kuti zitsike, ndinakhalanso. Mumtima ndinkadandaula kuti anthu a kumpoto ulemu wawo ndi wakupha.

Pomaliza ndinasiya kachidutswa konga chikhatho, popeza mlendo wamakhalidwe sapukuta mbale, amasiyirako ana. Ndinakakulunga bwino m'pepala, ndinatsamira mpando, ndikupuma ngati ng'ombe yochokera kungolo, koma wonyadira kuti ntchito ndaigwira.

Chitseko chinatseguka. Analowa Wongani, mpeni wautali uli m'manja. Pambuyo pake Tadala atanyamula mbale zisanu zobwereka kwa aneba. Kenaka amalume, bambo wamfupi wa chipewa, ndi azakhali, a NyaGondwe, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe.

Mbale zisanu. Masamu ndinaphunzitsa zaka zambiri, koma sanandipwetekepo ngati tsiku limenelo.

Wongani anatsegula pepala. Anayang'ana kachidutswa kaja, anayang'ana pansi pa tebulo, anayang'ana ine.

"Bambo, kunalowa galu?"

"Sikunalowe galu," ndinatero.

"Adadi," Tadala ananong'ona, "mwadya yense?"

"Ndasiyako."

Mnyamata waulemu uja anayamba kundiphunzitsa mbiri. Anati amamva kuti gatsby anayambira ku Cape Flats, kwa mwini shopu ya fish and chips amene anasowa chopatsa aganyu ake, n'kungowunjika zotsala m'buledi mmodzi, n'kuwadulira. "Ndiye amadya mogawana, bambo. Ife ku site timasonkha anthu anayi, mmodzi amatikwanira mpaka knock off. Kutchipa kwake n'komweko."

Ndiye kuti ine, wa BP, wa mano oikirira, ndinali nditadya chakudya cha amisiri anayi onyamula njerwa. Tadala anali atayang'ana kudenga, milomo ikunjenjemera. Ndinadziwa kuti ndathawitsa wachiwiri. Woyamba ndinamuthawitsa ndi Chingerezi, uyu ndi mimba. Adzanena kwawo ku Rumphi kuti banja ilo ndi la dzombe.

Ndinakonza kukhosi kuti ndipepese mwadongosolo. Ndisanayambe, a NyaGondwe anakhala pa chidebe, mapewa akugwedezeka, misozi ili mbwembwembwe. Ndinayesa akulira.

"Asibweni, mwaona?" anatero kwa amalume aja, akupukuta m'maso ndi chitenje. "Njira yonse ine mtima uli m'mwamba. Ndimati aphunzitsi aakulu akadye za m'pepala, m'nyumba ya malata? Atinyoza lero. Ndamukalipira mwanayu kuti bwanji sunaphe nkhuku."

"Ine ndimati angonunkhiza," anatero amalume.

"Kunyada kwake kuli pati? Munthu wonyada amadya chonchi? Awa ndi athu."

Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo unachokera kutali, ngakhale malo ake anali ochepa. Tadala anaseka mpaka anakhala pansi, mbale zili pamiyendo. Amalume anatuma Wongani kukagula gatsby wina, ndipo atabwera naye anamuika kumapeto kwenikweni kwa tebulo, kutali ndi ine.

Nkhani ya ukwati inayenda bwino, tsiku la chinkhoswe tinagwirizana. Koma titafika pa za malowolo, ine nditangoti nditchule mawu anga monga bambo wa mwana, a NyaGondwe anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, tchulani bwinobwino, ife sitikana. Koma powerenga ng'ombezo mukumbukire kuti imodzi mwalandira kale. Ili m'mimbamo!"

Kwa eni ake, chakudya chikatalika kuposa mkono wako, yamba wadikira mpeni.