Lamba wa Masipoko pa Rodibuloko

Mukadzafika ku Luangwa, komwe akuluakulu amatchulabe kuti Feira, n'kumva wina pamsika akuitana kuti "Amai Bomba," musathawe. Akuitana ine. Dzinali ndinalitola tsiku limodzi, dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu odzaza lole, ndipo linandikakamira ngati nkhupakupa. Anthu akamafotokoza nkhaniyi amaseka mpaka kugwira nthiti. Inenso ndimaseka nawo, koma pali mbali ina imene iwo sanaione.

Zinali zaka zija zigawenga za ku Mozambique zinkadumpha malire, kuotcha midzi ndi kutchera mabomba m'njira. Tikaima pomwe Luangwa amathira mu Zambezi tinkaona utsi tsidya, cha ku Zumbo, ndipo mabwato ankakocheza atadzaza anthu m'malo mwa nsomba. Dziko lonse linali ndi nkhawa imodzi. Ine ndinali ndi yangayanga: mimba.

Ndisanabereke ndinkatayipa makalata pa Boma, ndipo ndisakubiseni, ndinkadzimva. Nsapato zagogoda mumchenga wa ku Luangwa, lamba wofiira m'chiuno, anthu akutembenuka. Kenaka Mulungu anandipatsa mapasa, anyamata awiri onenepa ngati maungu. Iwo atatuluka, mimba inakana kubwerera kwawo. Khungu linalendewera ngati thumba lokhuthula, lodzaza mizere, mchombo uli tu kutsogolo ngati chala choloza munthu. Amayi a m'mudzi amamanga chitenje n'kuiwala. Ine ndinkalira. Ndinayamba kusamba anthu onse atachoka kubafa, ndipo amuna anga, a Tembo, sanandionenso ndikuvula nyale ikuyaka.

Ku chipatala cha mishoni, njira ya ku Katondwe, kunkabwera mwa apo ndi apo dokotala wa maopaleshoni, pa ndege kuchokera ku Lusaka. Anandidina pamchombo n'kunena kuti mnofu unang'ambika m'kati, pafunika kusoka matumbo asanapanikizike. Apo ine, ndi Chingerezi changa cha mu ofesi, ndinafunsa ngati sangadulenso khungu lotsalali, poti mpeni ukhala uli kale m'manja. (Taganizani, panja pali anthu odulidwa miyendo ndi mabomba, ine ndikupempha kuti andichepetse ngati siketi.) Dokotalayo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati n'zotheka, ana akasiya kuyamwa, ngati tsikulo kudzakhale kopanda ovulala.

Sisitala wa pachipatalapo anandiuza zokonzekera, ndipo zinali zochepa. Ndidzafike kutatsala tsiku limodzi. Ndisadzadye kuyambira madzulo a tsiku lofikalo. Ndidzabwere ndi nsalu yolimba yomangira pamimba akadzandisoka. Basi. Koma paja ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine ndinaona kuti malangizowa ndi a anthu wamba, munthu wa pa Boma ayenera kuwonjezerapo.

Ndinayamba ndi nsalu ija. Sisitala ankanena chitenje, chimene ndinali nacho. Koma ine ndinali nditaonapo chithunzi cha lamba wa azungu wofinya mimba, wokhala ndi tizitsulo m'kati. M'masitolo nthawi imeneyo ngakhale sopo ankasowa, ndiye lamba wotero ndikanamupeza kuti? Ndinapeza chidutswa cha tenti yakale, ndinazula masipoko pa wilo la njinga limene a Tembo ankasungira kukhitchini (atafunsa ndinanamizira ana a aneba opanga magalimoto a waya), ndi kupita nazo kwa a Njobvu, telala wa pakhonde la sitolo.

A Njobvu anatembenuza nsaluyo uku ndi uku.

"Amake mapasa, ichi n'chovala cha munthu olo cha ng'ombe?"

"Sokani chabe, a Njobvu. Masipoko aimirire m'kati, kumbuyo muike zingwe."

"Nanga muzapema bwanji?"

"Kupuma n'kwanga."

Anasoka. Chinatuluka chinthu choti ukachiimika pansi chimaima chokha.

Chachiwiri chinali kusala kudya. Ndinaganiza kuti mimba ikafika yophwa, dokotala adzaona bwino podula, ndiye ndinayambiratu kunyumba, ulendo usanafike n'komwe. Ndinkangonyambita tiyi. A Tembo ankadziwa za mchombo zokha, za khungu ndinawabisira. Ataona mbale yanga ikubwerera yodzaza anati, "Amake mapasa, ni opaleshoni iyi olo ni Lenti?" Ndinawayankha kuti za chipatala sazidziwa.

M'mawa wa ulendo ndinadzifunsa: lambayu ndinyamulirenji m'chikwama? Bwanji ndimuvale, thupi lizolowere, ndifikenso pachipatala ndikuoneka ngati munthu? Akazi a a Njobvu anandimanga, bondo lawo lili pamsana panga, mfundo pamwamba pa mfundo. Ndinavala diresi langa la kale la maluwa achikasu, ndipo linalowa! Ndinayenda kupita kokwerera ndili njo ngati mtengo wa mbendera. Kupuma ndinkapuma pang'onopang'ono ngati ndikuba.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene anakhalapo ku Luangwa mu Okutobala safuna kufotokozeredwa. Tinakwera lole ya nsomba zouma, anthu pamwamba pa mitolo. Pambali panga panakhala mayi wina wowonda, wopanda nsapato, mmodzi wa othawa nkhondo aja, akutsokomola. Ankapitanso kuchipatala. Ndikukumbukira bwino, ndipo zimandichititsa manyazi, kuti ndinakoka diresi langa kuti lisamukhudze.

Lole inkagunda mabampu, masipoko akundibaya m'nthiti. Pofika pa rodibuloko ya asilikali, pafupi ndi mlambe waukulu, malovu anali atauma m'kamwa. Asilikali anatitsitsa tonse kuti tionetse zitupa ndi katundu. Masiku amenewo kunali mphekesera yoti zigawenga zikutuma akazi kunyamula mabomba atawamanga m'kati mwa zitenje, choncho asilikaliwo maso anali kunja. Ndinaima pamzere. M'makutu munayamba kulira, mlambe uja unasanduka iwiri, kenaka kunada.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa. Akuti msilikali amene anali pafupi anandiwakha ndisanafike pansi, dzanja lake n'kugunda chinthu cholimba pamimba. Anapapasa. Sipoko imodzi inali itaboola diresi, ili nyomi. Munthuyo anakuwa kuti, "Mawaya! Ali na mawaya pamimba!" n'kunditaya ngati mbatata yamoto.

Nditatsitsimuka ndinapezeka ndili ndekha pakati pa msewu, fumbi m'kamwa, nsapato imodzi kulibe. Anthu onse anali atabisala, ena kuseri kwa mlambe, ena m'ngalande. Akatekisiti ena amene tinakwera nawo ankapemphera mokweza m'ngalandemo. Kuseri kwa matumba a mchenga kunatuluka milomo ya mfuti, yonse ikuloza ine.

"Amai!" anakuwa sajeni, mkulu wa asilikaliwo. "Osagwedezeka! Manja mumwamba! Ni chani chamene mwamanga?"

"Ni lamba, bwana."

"Lamba wa mawaya? Vulani tione. Pang'ono pang'ono."

Ndinayesa kufikira kumbuyo, koma mfundo za akazi a a Njobvu zinali za munthu womanga nkhuni. Kuti lambayo aoneke n'komwe, ndinayenera kukweza diresi mpaka m'khosi, pamaso pa asilikali, madalaivala, ogulitsa nsomba, anthu ondidziwa. Anthu onsewo akanaona chimene ndinkabisira ngakhale amuna anga.

"Bwana, ndine mkazi wa munthu," ndinatero. "Kuli bwino mundiombere."

Anthu akafika pamenepa amaseka. Koma ine ndinkanena zoona. Ndinali ndi ana awiri ongosiya kumene bere, ndipo kwa kanthawi ndinasankha chipolopolo m'malo moonetsa mimba imene inawanyamula. Ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero.

Sajeni anatchula kuti awerenga mpaka katatu. Asanayambe, m'ngalande munadzuka munthu. Anali mayi wowonda uja. Anayenda kubwera kwa ine osafulumira, akumasula chitenje chake cha pamwamba.

"Imwe amai, bwelelani! Muzafa!" anakuwa sajeni.

"Kufa ndidafa kale kutsidya," anayankha mayiyo osatembenuka. "Mkazi sabvula pamaso pa amuna."

Iye sankadziwa kuti ndi masipoko. Chimene ankadziwa ndi chomwe aliyense ankadziwa, kuti mwina ndi bomba. Anagwada, anafunditsa chitenjecho pamitu pathu tonse awiri, ndipo tinakhala m'kati ngati m'kanyumba. Munkanunkha utsi ndi thukuta. Anakweza diresi langa, anayesa mfundo ndi zala, zitakanika anaziluma ndi mano. Lambayo atamasuka mpweya unalowa m'chifuwa mwanga ngati madzi m'ngalande youma. Anamuponya kunja.

Tinamva nsapato zikuyandikira, kamtengo kakutokosa, kenaka mawu a sajeni: "Masipoko ya njinga!" Phwete linayambira kuseri kwa mlambe n'kufalikira msewu wonse. Wina anafuula kuti, "Amai Bomba!" ndipo dzina linabadwa.

M'kati mwa chitenje munalibe woseka. Mimba yanga inali pamtunda, yonse, ndi mizere yake, ndi mabala atsopano a masipoko. Ndinafuna kuiphimba ndi manja. Mayiyo anachotsa manja angawo n'kuikapo lake.

"Angati, mwanangu?"

"Awiri. Mapasa."

"Ali moyo?"

"Ali moyo."

Anagwedeza mutu. Kenaka anakweza bulauzi yake. Mimba yake inali yosalala, yophwa, yopanda mzere ngakhale umodzi, yeniyeni imene ine ndinkapita kukapempha kwa dokotala.

"Ine anayi," anatero. "Onse adatsala kutsidya tsiku limodzi. Thupi langali lidabwerera ngati la mtsikana. Ndikauza anthu kukampu ya othawa nkhondo kuti ndidabala, amandiyang'ana ngati wamisala. Ndiribe chowaonetsa." Anasisita khungu langa lolendewera lija mofatsa, monga amasisitira mutu wa mwana. "Iwe wako adakulembera umboni pamimba pano."

Ndinalira, iye n'kunditsitsira diresi, kundipukuta fumbi kumaso, ndipo tinatuluka.

Sajeni anandibwezera lamba wanga ali pansonga ya kamtengo, akuyesetsa kuti asaseke, ndipo anandipatsa madzi a m'botolo lake. Ulendo wotsalawo anthu ankandiseka, wina kufunsa ngati njingayo ndinameza yonse, wina kuti asandikhazike pafupi ndi injini. Ine ndinatsamira paphewa la mayi uja, diresi lachikasu ndi chitenje chake zitakhudzana. Iye ankayang'ana kutsogolo, akutchula maina motsitsa, mobwerezabwereza, ngati wopemphera korona. Zuze. Roza. Manuwere. Tereza.

Kuchipatala sisitala atandiona anagwira m'chiuno. Thupi linali louma ndi njala, pamimba pali zilonda m'mizere iwiri. Anati palibe dokotala angadule pakhungu lotero. "Ninakuuzani nsalu, amai. Nsalu! Nani anakamba za njinga?" Anandipatsa phala, anandipaka mankhwala, dzina langa n'kulichotsa pa odwala a mawa lake. Mayi uja anamutengera ku chipinda cha odwala chifuwa. Pochoka ndinapita kukamutsanzika, koma anali mtulo, ndipo ndinati ndidzamuona ulendo wina. Ulendo winawo bedi lake linali ndi munthu wina, ndipo panalibe wodziwa kumene anapita.

Nkhani inandipitirira kufika kunyumba. Ndinapeza a Tembo pakhonde, mwana mwendo uno, mwana mwendo uwo.

"Amake mapasa, tamva kuti mwaphulika."

Sindinaseke. Ndinawaitanira m'nyumba masana omwewo, zenera lili lotsekula, ndi kuwaonetsa zonse, ndi kuwauza chimene ndinakapempha kwa dokotala. Anayang'ana, kenaka anandiyang'ana kumaso.

"Nanga mwenze kuganiza kuti mdima umamanga manja? Nimaiziba kuchokera kale iyi." Kenaka anawonjezera kuti, "Koma masipoko yanga mubweze."

Dokotala atabweranso ndinapita nditadya bwino, chitenje wamba chili m'chikwama. Anasoka mchombo. Asanandigoneke anandifunsa ngati ndikufunabe za khungu zija, poti tsikulo kunalibe ovulala. Ndinati alisiye. Sindikunena kuti mkazi amene amadulitsa amalakwa, thupi ndi lake. Langali ndinali nditauzidwa kale chimene chinalembedwapo.

Musaganize kuti ndinasanduka woyera. Mpaka lero, ndi imvi zangazi, wojambula akati "tayang'anani kuno" ndimakoka mimba m'kati mpaka maso kutuzuka, ndipo adzukulu anga amandigwira nthawi zonse. Kunyada sikuchoka ndi opaleshoni.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mayi amene anayenda kupita ku bomba kuti andifunditse sindinamufunse dzina. Ndinali wotanganidwa ndi manyazi anga. Koma a ana ake ndinawasunga. Ndikamasamba, dzanja likafika pamizere ija, ndimatchula anga awiri, kenaka ndimapitiriza: Zuze, Roza, Manuwere, Tereza. Malo alipo okwanira onse.