ANachisale Akufuna Kuchoka

Lolemba

Bungwe lathu la mpingo landituma kunyumba yosungira okalamba ku Lang'ata, kuno kudziko la eni kolankhula Chiswahili. Ntchito yake: kuona mankhwala amene akumwa, kupeza osafunika, adokotala achotse. Zosavuta, nzimene ndinaphunzira. Ndavala mpaka jekete!

Ndakwera matatu, minibasi ya kuno, kuchokera ku Roysambu, Thika Road yathina ngati masiku onse. Ndafika jekete ili thukuta lokhalokha.

Okalamba ali mtulo pamipando dzuwa lili paliwombo. Nesi wamkulu, Wanjiru, akunyadira kuti pano mpabata. Nkumanda komwe nkwabata, koma sindinanene.

Pakona pali mayi wa kwathu! ANachisale, a ku Dedza. Anawabweretsa ndi mwana wawo, a Mvula, amene ali pantchito yapamwamba ku bungwe lina la mayiko. Mutu unayamba kuiwala, Chingerezi chinathawa, chatsala Chichewa chokha. Ndawapatsa moni. Atsegula diso limodzi, atsekanso.

Ndiyambira iwowa. Pofika Lamulungu, tsiku limene a Mvula amabwera, mayi akhale ali maso, acheze ndi mwana wawo.

Lachiwiri

Zimene aNachisale amameza:

- a kuthamanga kwa magazi. Amatupitsa miyendo.
- ochotsa madzi m'thupi, chifukwa miyendo yatupa. Amakodzetsa.
- ochepetsa kukodza. Amadzimbitsa.
- ofewetsa m'mimba.
- ogonetsa, chifukwa akuti madzulo sakhazikika.
- owonjezera magazi ndi mavitamini a mitundumitundu, chifukwa akuti tsiku lililonse amadandaula kutopa.

Piritsi lililonse likuchiza linzake. Amakhuta asanalawe phala. Mtima ukundipweteka, koma manja akuyabwa: apa ndiye pali ntchito.

Lachitatu

Tsiku la adokotala. Sakhala pansi, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndawatsatira mpaka pabwalo ndikufotokoza. Akuti enawo tidzaona, koma ogonetsawo avomera kuti tidule pakati. "Zikavuta ndi zanu," atero akutseka chitseko.

Theka la piritsi limodzi. Ndadzigulira chapati awiri pokondwerera.

Lachinayi

ANachisale adzuka! Maso onse awiri. Andifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndipo jeketeyi ndinabwereka kwa ndani.

Chakumadzulo agwira mkono wa Wanjiru: "Ndichoke. Ndikufuna kuchoka."

Wanjiru akundiyang'ana mwachifundo. "Unaona? Amechoka tena." Wapita kukatenga mavitamini.

Mayo ine! Pa Chiswahili kuchoka ndi kutopa. Chibwerereni mayiyu akupempha kuti atuluke pano, anthu akumva kuti watopa. Akapita kugeti, ogonetsa. Akadzuka nkunenanso, mavitamini.

Ndaseka mpaka misozi. Kenako kuseka kwatha, misozi yokha yapitiriza.

Ndamufotokozera Wanjiru. Wagwira pakamwa nthawi yaitali. Si munthu woipa. Pamapeto pake wandifunsa kuti nanga matenda amenewo amapereka chiyani. 

Lachisanu

ANachisale amanga zovala m'chitenje. Lero achita izi:

- afunsa mlonda kuti basi ya ku Linthipe imaima pati.
- akana tiyi, akuti wophikayo sanalangidwe.
- ayimba nyimbo ya amayi a mvano mokweza, okalamba ena adzuka nkuyamba kufuna zinthu. Wina wailesi, wina mkazi wake.

Bata latha. Wanjiru sakundipatsanso moni.

Koma tacheza. Andiuza za dimba lawo la mbatata, ndi za amuna awo amene anagona kumanda a pamudzi. Akuti malo a pambali pawo ndi awo, asapatse wina. Maina a ana akusokoneza, koma zimenezi ayi.

Madzulo agwa pageti, katundu ali pamutu. Miyendo yotupa ija, chizungulire cha mapiritsi aja. Chipumi chang'ambika, asokedwa. Aliyense akuyang'ana ine. Nanenso ndikudziyang'ana.

Loweruka

A Mvula abwera lisanakwane tsiku lawo. Munthu waulemu, nsapato zowala. Akuti mayi anali bwinobwino mpaka ine nditafika.

Ndawakokera pambali ndili ndi nkhani yanga yaikulu. Ndafotokoza zonse, kuchoka kwa kuno ndi kuchoka kwa kwathu. Ndikudikira kuti adzidzimuke.

Sanadzidzimuke.

"Achemwali, Chichewa ndimamva," atero. "Amandiuza Lamulungu lililonse. Ndiwapititse kwa yani? Nyumba inagwa, alongo anga ali kunja. Akagona, savutika."

Sindikudziwa amene savutika ndi ndani. Ndakwiya, koma nawonso maso awo afiira. Aimbira adokotala ndili pomwepo.

Pobwerera matatu yafera pa Ngara. Ndakhala momwemo osadandaula.

Lamulungu

Si tsiku lantchito, koma nditaweruka kutchalitchi ndapita.

Zotsatira za ntchito yanga:

- ogonetsa abwerera athunthu.
- awonjezera opha ululu, chifukwa cha chipumi.
- awonjezera oteteza m'mimba, chifukwa cha opha ululuwo.

Ndinabwera kudzachotsa, ndawonjezera awiri. Lipoti ndilemba mawa. Jekete ndaisiya kunyumba.

Bata labwerera. A Mvula akhala pambali pa bedi, dzanja limodzi lagwira la mayi awo, lina likusisita foni. Chitenje achimasula, zovala zabwerera m'kabati.

Ndawerama kuti nditsanzike. ANachisale atsegula diso limodzi, andizindikira. Milomo ikulemera.

"Mwanawe, ndatopa."

Wanjiru ali kumbuyo kwanga ndi thireyi ya mankhwala. Mawu amenewa sanawamvepo. Akundifunsa motsitsa kuti akuti chiyani.

"Amechoka," ndamuyankha.