Mfundo za a Malovu

Apongozi anga, a Malovu, sankakhulupirira mfundo yomanga munthu wina. Ukabwera ndi chingwe chako cha mbedza khumi, moni ankayankha atamasula kale zitatu. Dzinalo analitengera poti mfundo iliyonse ankainyambita asanaikoke, ati chingwe chouma chimapsa pothina n'kudzadukira pomwepo.

Kalipentala wina wokonda kuwedza Loweruka anafika pakhonde pawo monyadira chingwe chake.

"Wamanga ndani izi?" anafunsa mkuluyo.

"Ndamanga ndekha, bambo."

"Pepa mwanawe. Ndimayesa yamanga mbuzi."

Anamuonetsa: mbedza iliyonse pakachingwe kake, zitalikirane mkono wathunthu kuti zisakolane, kuzunguliza kasanu ndi kawiri, malovu, kenako kukoka ndi mano. Mano akutsogolo anathera momwemo. Ine tsiku la ukwati wanga anandimasula tayi pakhomo la tchalitchi n'kuimanganso, malovu osaiwala.

Nsomba yopha okha sindinaione. Akafika kudziwe ankangoona chingwe cha mnzawo n'kuyamba kuchimasula, basi tsiku latha. Ulemu wawo unali umodzi: zaka makumi anayi, mfundo yawo sinathawitsepo nsomba.

Ndiye atakalamba manja awo anayamba kunjenjemera. Tsiku lina ndinakoka mbedza yomwe anali atangomanga, inangosololoka ngati ulusi wa juzi yakale. Mtima unandiwawa kwabasi. Anthu akanasiya kubwera, mkuluyo akanasowa chodzukira m'mawa. Choncho iwo akamanga, ine ndinkati ndikakulunge chingwecho bwino, n'kuthawira nacho kuseri kwa nyumba kukamanganso zonse khumi, mwini wake akudikira kukhonde. Miyezi isanu, mbiri yawo ili chilili.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi mkuluyo anandipeza chingwe chili kukamwa.

"Akamwini, mukudya chiyani?"

Anatenga mbedza imodzi, kuipapasa, kuikoka ndi mano otsalawo.

"Mwazunguliza kasanu ndi kamodzi. Chiyambireni mumaperewera kamodzi. Ndimakuonerani pawindo."

"Bwanji osanena, bambo?"

"Ndikananena mukanachita manyazi n'kusiya. Onjezani kamodzi, musandinyozetse."

Anamwalira mvula itangoyamba. Asodzi amabwerabe pakhondepo, ndimawamangira ine, ndipo mbedza zimagwira ndithu. Koma ntchito imatha msanga, munthu amathokoza n'kunyamuka, khonde n'kungoti zii. A Malovu ndimawasowa, sindibisa.

Dzulo ndinamangira kalipentala uja. Popereka ndinati aziyese kaye, poti mwina sizifika pa za malemu. Iye anangokulunga chingwe osayang'ana.

"Mfundo zanuzi tinazizolowera kale, achimwene. Miyezi yonse ija tinkadziwa tonse. Kungoti mkuluyo ankafunika kunyozako munthu m'mawa uliwonse, ndiye tinkasinthana masiku."