A Damiano ndi duwa lawo lakumtunda

Ku Golomoti kuno munthu mmodzi yekha ndiye ankafunditsa duwa ambulera, iye mwini n'kumapsa ndi dzuwa la Okutobala. Munthuyo anali a Damiano.

Kwawo kunali kumtunda, m'tsinde mwa phiri la Dedza, kumene ankagwira ntchito yosamala maluwa. Ntchito itatha, chaka cha riferendamu chija, anatsika kudzakhala chikamwini kwa akazi awo, a Bibiana, atasenza kamtengo m'chidebe. Dzina lake ankati rododendironi. Ife tinkangoti duwa la a Damiano, ngakhale kuti duwalo panalibe amene analionapo. Anali masamba okhaokha, ofota.

Koma kunyada kwake kamtengoko! Madzi a pamjigo ayi, ati ali ndi mchere. Kankamwa amvula, osungidwa mumgolo wokhoma ndi loko. Dothi lathunso ayi. A Damiano ankakwera mtunda wa Khwekhwerere kukatenga masamba owola a paini, ndipo m'minibasi thumbalo ankalifukata ngati khanda. Dzuwa likasendera, ankakweza chidebe pawilibala n'kumalondola mthunzi.

Tsiku lina a Bibiana, pomva chisoni, anawazamo phulusa monga timachitira m'dimba.

"Mayi, mwandiphera mlendo!"

"Mlendo wanji wodya bwino kuposa eni mudzi? Mpunga ku Bwanje mbalame zikutha, inu muli kalikiliki ndi masamba osadyedwa!"

A Damiano anakokolola phulusalo ndi supuni, ndipo kwa masiku awiri m'nyumbamo munalibe moni.

Ine, pakamwa panga posatseka, ndinawafunsapo: "Bwanji osangodzala maluwa akuno?"

"Aphwanga," anatero, "ndikufuna ndione ngati chakumtunda chingazolowere kuno. Likadzamasula ndidzadziwa kuti nanenso ndakhazikika."

Ndinaseka, n'kukasimbiranso anzanga pamsika. Lero ndimachita nazo manyazi.

Anadikira zaka makumi awiri ndi zitatu, osaona ngakhale kamphukira ka duwa. Atamwalira, abale awo anabwera kudzatenga maliro kuti akaike kwawo. Lole itatsala pang'ono kunyamuka, a Bibiana anatuluka ndi chidebe chija pamutu.

"Lipite nalonso. Lavutika mokwana."

Alongo awo a malemu analidzala kuseri kwa nyumba, osalisamala n'komwe. Patapita zaka ziwiri anatumiza chithunzi pafoni. Kamtengo kaja kanali psuu, maluwa mpaka masamba osaoneka. Tinaunjikana kulimbirana foniyo, wina n'kuyamba nthabwala yoti a Damiano awina ali kumanda. A Bibiana sanaseke. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Ndiye kuti nawonso ankafota chonchija," anatero, "koma sanandiuzepo ngakhale tsiku limodzi."

Nkhani za a Damiano timasimbabe, koma kuseka kwake sikupita patali. Mudzi uno watsala ndi ife anzeru okhaokha, odzala zimene tikudziwa kuti zimera, ndipo kunena zoona, ndimawasowa.