Mtsikana wa Zitumbuwa pa Khoma la ku Chinseu

Anzanga, sekani ndithu, sindikuletsani, koma muzisekako pang'ono chifukwa mwiniwakene ndikakumbuka nkhope imanditenthabe mpaka lero.

Zonse zinayamba ndi alamu anga a Malita, achemwali ake a Limbani, mwamuna amene nthawi imeneyo anali atangondifunsira banja. A Malita anakwatiwa ku Beira, amagwira ntchito mu ofesi ya padoko pomwe pamaima sitima zapamadzi, ndipo kwawo ku Kanjedza mawu awo ndi lamulo. Iwo akati mtsikana uyu ayi, ngakhale amalume amangoyang'ana pansi. Ndiye atabwera kudzandiona chinkhoswe chisanachitike, ine mtima unali m'mwamba. Limbani ndinkamukonda, ndipo ndinkaopa kuti mayi ameneyu akandiyeza n'kundipeza wopepuka, basi zanga zada.

Tsiku lina tikumwa tiyi anandionetsa zithunzi pafoni. Makoma a ku Beira ojambulidwa asodzi, mabwato, azimayi osenza nsomba. "Kwathu kuja kuli anthu amayendetsa alendo n'kumawafotokozera mbiri ya mzinda," anatero. "Ndamva kuti ku Ndirande ayambanso zomwezo. Mlamu, Loweruka tipite. Mumakudziwa?"

Ine Esinati, wobadwira ku Goliyo, amene ndinakula ndikuzungulira Ndirande yense beseni la zitumbuwa lili pamutu, mukudziwa ndinayankha chiyani? "Ndimangodutsako pa minibasi, alamu." Chinandigwira pakamwa sindikuchidziwa. Kapena ndi mafuta onunkhira amene anadzola, kapena ndi ndolo zija. Ndinangoona kuti wa zitumbuwa sangakhale pa sofa imodzi ndi munthu wotere. Madzulo nditamuuza Limbani, anagwira mutu. "Iwe, ku Ndirande ngakhale agalu amakudziwa. Ungowauza zoona." Ine ndinati asadandaule, ndili ndi pulani.

Pulani yake inali chipewa chachikulu ngati lichero, magalasi akuda, ndi nsapato za gogoda zimene ndimavala ku ofesi kwathu ku Makata bwana akamabwera. Nditadziyang'ana pagalasi ndinakhutira kuti ngakhale mayi anga, akanakhala moyo, akanandipatsa moni wa mlendo.

Pamsika tinakumana ndi otiyendetsa, a Mariamu, mayi wa ku Bangwe wa mawu omveka kutsidya kwa mtsinje. Sankandidziwa, ndipo ndinathokoza Mulungu chamumtima. Pagululo panali azungu awiri, aphunzitsi ena a ku Chilomoni, ndi ife. A Mariamu anayamba bwino, kutilozera phiri n'kutiuza kuti kale linali ndi mitengo yothithikana, ndi mmene anthu ankachokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Nsanje ndi ku Mangochi kudzafuna ntchito m'mafakitale mpaka nyumba zinakwera phiri lonse. Anationetsa khoma lojambulidwa amisiri osula mbaula ndi ndowa, lina akalipentala, lina mayi akuchapa mumtsinje wa Nasolo. Ine ndinkangoti "aa, zoona?" ngati sindinachapepo mayunifolomu anga pamwala womwewo.

Tisanapite patali ndinangomva, "Esinatiii!" Anali a Nangozo ogulitsa tomato, anzawo a malemu mayi anga. Ndinalimba mtima, n'kulankhulira m'mphuno: "Pepani mayi, mwandifanizira." A Nangozo anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kugogoda, n'kuomba m'manja kamodzi. "Ooh! Chabwino adona. Koma kayendedweko ndi ka kwa Nachisale." A Malita anafunsa kuti Nachisale ndani. Ine ndinati anthu a kuno amakonda kucheza ndi alendo. Mumtima ndinamva kuwawa, chifukwa Nachisale ndi mayi anga, ndipo ndinali nditawakana pamsika pomwe ankakhala.

Mukuganiza ndinaphunzirapo kanthu? Ayi ndithu. Tinafika pa ngalande ina imene anthu amawolokera pa matabwa. Mzungu wina atakweza mwendo, pakamwa panga panatseguka pokha: "Musaponde lapakatilo, limapendama! Dzerani cha kumanzere, ndipo kuseri kwa mpandawo kuli galu wolusa!" Gulu lonse linatembenuka. A Mariamu anati, "Asisi, galu ameneyo ngakhale ine ndamudziwa mwezi wathawu. Inu mwamudziwa bwanji?" Ndinati ndinamva kununkha. Kununkha galu, anthuni! Ndipo pofuna kuthawa mafunso ndinathamangira kuwoloka, n'kuponda thabwa lomwe lija ndinkaletsa anzanga. Chidendene cha nsapato chinalowa pamng'alu, thyo! Ndinatsala ndi gogoda mmodzi, kuyenda ndikutsimphina ngati nkhuku yomangidwa mwendo, koma magalasi osavula.

A Malita anandigwira mkono, n'kumandifunsa ngati ndavulala. Kukoma mtima kwawoko kunandiwonjezera manyazi, ndiye ndinaganiza zoti ndibweze ulemu wanga poonetsa kuti zojambulajambula ndimazidziwa.

Mpata unapezeka ku Chinseu, pa khoma lalitali la golosale ina. Pamenepo panali chithunzi chachikulu cha mtsikana wosenza beseni, diresi lachikasu, akuseka pakamwa ponse. A Mariamu asanayambe n'komwe kufotokoza, ine ndinayamba. "Koma abale, ojambula enawa! Mutu ngati dzungu. Khosi lili kuti? Nanga mpata wa manowo, si pangadutse njinga pamenepo?" Aphunzitsi aja anaseka, ine n'kumva kukoma, n'kuwonjezera moto. "Mwana ameneyu ngati analipodi, ndiye ankayenera kudziwa nyimbo, paja amati ukaipa dziwa nyimbo."

"Analipo," anatero munthu wina kumbuyo kwathu. "Ndipo nyimbo ankaidziwa."

Anali bambo wachikulire wovala kofia, malaya ali mbuu ndi penti, atakhala pa benchi pakhonde la golosaleyo. A Mariamu anati, "Awa ndi a Jafali, amene anajambula khoma lonseli." Ndinawayang'anitsitsa. A Jafali! Bambo amene ankalemba zikwangwani za masaluni ndi mabutchala ndili mwana, amene ndinkawapeza m'mawa ali pa makwerero.

Iwo anayamba kufotokozera gulu, osandiyang'ana n'komwe. Anati nthawi ina anadwala chifuwa kwa miyezi, ntchito inaima, ndipo ankangokhala pakhonde lomwelo njala ikuwapweteka. Mtsikana wina wa ku Goliyo ankadutsa m'mawa uliwonse akuimba "zootentha, zootentha, za nthochi!" ndipo ankawasiyira zitumbuwa ziwiri, n'kunama kuti zaphwanyika, sizingagulidwe. "Zinali zosaphwanyika," anatero a Jafali. "Atandiuza kuti ndijambule anthu amene anamanga Ndirande, ndinati ndiyambe ndi ameneyu. Dzina lake Esinati, mwana wa a Nachisale. Anasamuka mayi ake atamwalira, sindidziwa ali kuti."

Ndinayang'ananso khoma lija. Diresi lachikasu lija ndi limene mayi anandisokera pa Khirisimasi. Pachipumi panali kachipsera kamene kanatsala nditagwa pa ngalande ija ndili mwana. Ndinali nditaima pamaso pa anthu, mwendo umodzi wautali wina waufupi, ndikudzinyoza ndekha mokweza! Misozi inayamba kutsika pansi pa magalasi, ndipo poti ndipukute ndinawavula, chipewa n'kugwa. Ndinayesa kumwetulira kuti zioneke ngati palibe kanthu, osadziwa kuti ndikuonetsa umboni womaliza.

A Jafali anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana mano anga, anayang'ana khoma, anayang'ananso mano anga. "Mayi Mariamu," anatero, "tabweretsani njinga tiyese ngati ingadutse."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo! Aphunzitsi anakhala pansi, azungu akufunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo atawamasulira anayamba kujambula ine ndi khoma, khoma ndi ine. A Nangozo, amene kani ankatitsatira chapatali tomato atasiyira mnzawo, anafika akululutira: "Ndinanena ine! Adona a ku Goliyo!" A Jafali anandigwira manja onse awiri, maso ali ndi misozi, n'kumangoti, "Mwana wanga, wakula."

Munthu mmodzi yekha sanaseke, a Malita. Ndinati basi, Limbani wapita, chinkhoswe chathera pa khoma la golosale. Anandikokera pambali, nkhope ili gwa.

"Mlamu, mwandikhumudwitsa."

"Pepani alamu, ndinkaopa kuti mukadziwa za zitumbuwa..."

"Zitumbuwa zalakwa chiyani? Chandiwawa n'chakuti munandiona ngati munthu amene angakunyozeni. Ine ndisanalowe mu ofesi ija ndinkakazinga nsomba pageti la doko, dzuwa lili pamutu. Palibe anandijambula pakhoma, chifukwa ine sindinkapatsa munthu chaulere." Apa anayamba kugwedezeka mapewa, kuseka kukuwatuluka m'mphuno. "Koma mutuwo a Jafali sanalakwitse kwambiri."

Anatulutsa masilipasi amene anali nawo m'chikwama n'kundipatsa, ndipo ulendo wotsalawo anati ndiutsogolere ine. Ndinawaonetsa mpopi umene tinkamenyanirana pamzere, nyumba imene ndinabadwira, ndi pomwe mayi ankakhala ndi chiwaya chawo. A Mariamu ankangofunsa mafunso ngati mlendo ndi iwo. Madzulo a Malita anauza abale onse ku Kanjedza kuti mkazi wapezeka, koma anaika lamulo limodzi: pa chinkhoswe zitumbuwa ndikazinge ndekha. Ndinakazinga, ndipo a Jafali ndi a Nangozo anakhala kutsogolo.

Ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Patapita masabata angapo a Mariamu ananditumizira chithunzi pafoni, ati khoma lija alikonzanso. Ndinasangalala, ndinati mwina a Jafali achepetsako mutu. Mutu uli momwemo, anzanga. Chimene awonjezera ndi magalasi akuda pamaso pa mtsikanayo, ndipo m'beseni, pamwamba pa zitumbuwa, aikamo nsapato ya gogoda yothyoka chidendene. Ati tsopano alendo amaima pamenepo nthawi yaitali kuposa pena paliponse.

Choncho ine ndinalumbira. Ku Ndirande ndimapita ndi nsapato zafulati, aliyense wondiitana ndimamuyankha ndi dzina la mayi anga lomwe, ndipo ndikaona chithunzi pakhoma, kaya mutu wake ukhale ngati thanki ya madzi, ndimayamba ndafunsa kuti ameneyu ndi mwana wa ndani.